Usiku umene ndinaphulitsa Betelgeuse

Chaka changa chomaliza ku yunivesite ndinasankha kafukufuku wa nyenyezi zikuluzikulu, zija zolemera kuposa Dzuwa ka 8 kapena kupitirira apo. Nyenyezi zoterezi sizifa mwaulemu. Zimasandutsa haidrojeni kukhala heliyamu, heliyamu kukhala kaboni, n'kumapitirira choncho mpaka pakati pake padzaze chitsulo. Chitsulocho sichipereka mphamvu, ndiye pakatipo pamagumukira mkati pa kanthawi kosakwana sekondi, nyenyezi n'kuphulika. Imeneyo ndiyo supernova. Mu mlalang'amba wathu, yomaliza kuoneka ndi maso inali ya 1604, imene katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anaifufuza. Tonse m'kalasi muja, ngakhale palibe ankanena, tinkafuna kuti yotsatirayo tiyambe kuiona ndife.

Ine anandipatsa Betelgeuse, chinyenyezi chofiira cha paphewa la Orion, gulu la nyenyezi looneka ngati munthu. Ntchito yake inali yosavuta: kutenga manambala a kuwala kwake, kuwalowetsa m'kompyuta, n'kujambula girafu. Munali mu February 2020. Usiku wina ndinathamangitsa kapulogalamu kanga, girafu n'kutuluka. Mzere uja unali utakwera phiri! Kuchoka cha pa 0.5 kufika pa 1.6. Mtima unagunda kuti thi thi thi. Ndinawerengetsa ndi manja akunjenjemera, ndinapeza kuti kuwala kwasintha pafupifupi katatu. Ndinati basi, yayamba.

Munthu wanzeru akanagona kaye. Ine ndinalemba imelo ku dipatimenti yonse, aphunzitsi, ophunzira anzanga, ngakhale mayi amene ankatisungira makiyi a labu. Mutu wake ndinaulemba m'zilembo zazikulu zokhazokha. Kenako ndinaimbira foni a pulofesa amene ankandiyang'anira.

"Pepani a Pulofesa kuti ndakudzutsani. Betelgeuse ikuphulika."

Anakhala chete kanthawi, n'kufunsa ndi mawu a tulo, "Muli pafupi ndi chitseko?"

"Eee."

"Tatulukani panja muiyang'ane."

Ndinatuluka wopanda nsapato, foni ili kukhutu. Orion anali pomwepo, nyenyezi zitatu za palamba pake zili ndondondo. Rigel, nyenyezi ina yowala ya m'gululi, ikuthwanima bwinobwino. Koma Betelgeuse, imene ndinkayembekeza kuti indithobwa m'maso, inali zii ngati khala lotsala pang'ono kuzima.

"Mukuona chiyani?"

"Yachepa kuwala, a Pulofesa."

"Nanga pa sikelo ya magnitude, nambala ikamakula ndiye kuti chiyani?"

Apa ndinakumbukira phunziro la chaka choyamba lija, limene ndinkalimvetsera ndi khutu limodzi. Sikelo imeneyi, yoyezera kuwala kwa nyenyezi, imayenda chambuyo. Agiriki akale anaika nyenyezi zowala kwambiri m'gulu loyamba, zosaoneka bwino m'gulu la 6, ndipo mu 1856 Norman Pogson anaikhazikitsa ndi masamu osaitembenuza. Nambala ikakula, nyenyezi yazilala. Kunena zoona, mpaka lero ndimaona kuti sikeloyi anaipangira dala kuti izigwetsa ophunzira. Chopweteka china n'chakuti akatswiri padziko lonse anali akukamba za kuzilalaku kuyambira kumapeto kwa 2019. Ine ndekha ndi amene ndinali ndisanamve, chifukwa ndinali kalikiliki kukonza mitundu ya girafu.

Kutacha, mayi a makiyi aja anandifunsa mwachifundo ngati kuli koyenera kuti atsegule labu, kapena tingodikira kutha kwa dziko.

Patapita miyezi zinadziwika kuti nyenyeziyo inalavula mpweya wambiri umene unazizira n'kusanduka fumbi, fumbilo n'kutitchingira kuwala. Pofika April inali itabwerera mwakale. Idzaphulikadi, koma akatswiri amati zingatenge zaka ngati 100,000.

Anzanga a m'kalasi muja anamwazikana. Wina anapitiriza mpaka PhD, akufufuza ma neutron star, zotsalira za supernova zija zimene m'mimba mwake muli makilomita 20 okha koma n'zolemera kuposa Dzuwa. Wina akuphunzitsa fizikisi kusekondale, ndipo ndamva kuti nkhani yanga imalowa m'kalasi chaka chilichonse. Ine ndinalowera ku kampani ya inshuwalansi, kumene ndimasanthula manambala. Luso lolemba mapulogalamu ndi lowerenga magirafu ndi lomwelija, kungoti nyenyezi zinasanduka ngozi za galimoto.

Pofunsira ntchitoyo ndinapempha a pulofesa kalata yondichitira umboni. Abwana anga atsopano anandiwerengera mzere umodzi akumwetulira, osadziwa chimene chinali kuseri kwake: "Mnyamatayu akapeza zotsatira sachedwa kudziwitsa anthu."