Gemu ikuti chithunzi chasungidwa, koma chili kuti?

Ntchito yanga ndi yoyesa gemu ya pakompyuta isanafike kwa osewera. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: kuyesa build yatsopano (gemu yomwe yangokonzedwa kumene), kulemba matikiti (malipoti a zovuta zomwe tapeza), ndi kamsonkhano kam'mawa kaja kongofunsana kuti wafika pati. Chandiwawa ine ndi cha Lachitatu.

Titangotulutsa update, madandaulo anayamba kukhamukira. Wosewera akadina batani lojambula sikirini, gemu imamuuza bwinobwino kuti chithunzi chasungidwa. Akatsegula foda, mulibe kanthu.

Ine sindinadabwe, chifukwa tikiti ya vuto lomweli ndinalemba kalekale, akuluakulu n'kuitseka ati si yachangu. Gemu yathu imasunga zithunzi m'foda momwe yaikidwamo, ndipo kwa anthu ambiri mmenemo ndi mu Program Files, momwe Windows salola pulogalamu ya munthu wamba kulembamo. Zaka zonsezi tinkangopulumukira mwayi. Kuyambira pa Windows Vista, pulogalamu yakale ya 32-bit ikafuna kulemba mu Program Files, Windows amaipatutsa fayiloyo mwakachetechete n'kukaiika mu AppData\Local\VirtualStore. Ya 64-bit sachitiridwa chifundo chimenecho. Nanga update ija si ndi yomwe inatisamutsira ku 64-bit? Choipitsitsa, code yathu (malangizo omwe gemu imayendera) sinkaona n'komwe ngati kulembako kwatheka. Inkangolengeza kuti zatheka basi.

Bwana anabwera pa desiki yanga nkhope itakwinya. "Koma pa kompyuta yanga zikutheka." Ndinawayankha kuti, "Zikutheka ndithu bwana, chifukwa inuyo gemu munaika pa diski ya D:, osati mu Program Files, ngati tonsefe muno." Ndatopa nako kupempha kompyuta imodzi yokha, ya akaunti wamba, yoti tiziikapo gemu mmene amaikira wosewera.

Kuti zithunzi zizisungidwa mu foda ya Pictures, mnyamata wathu watsopano, wakhama ndithu, anafuna kulemba njira ya C:\Users\dzina\Pictures mu code momwemo. Ndinamuletsa. OneDrive, pulogalamu yosungira mafayilo pa intaneti, ikayatsidwa imatha kusamutsa foda ya Pictures, ndipo ena amaisamutsira okha ku diski ina. Umafunsa Windows mwini wake kudzera pa lamulo lotchedwa SHGetKnownFolderPath, kumupatsa FOLDERID_Pictures (dzina loimira foda ya Pictures), iye n'kukuuza komwe fodayo ili lero. Mmenemo tinapangamo foda ya dzina la gemu, ndipo tsopano kulemba kukakanika, wosewera akuuzidwa zoona. Tinaweruka usiku, maso ali psuu.

Lachinayi linathera pa zithunzi zakale za anthu zomwe zinatsalira mu VirtualStore. Tinalemba kachidutswa kozikopera kumalo atsopano. Zomwe osewera anajambula Lachitatu zija palibe chobweza, sizinalembedwe paliponse.

Lachisanu pamsonkhano anafunsa kuti oyesafe tinaliphonya bwanji vuto lalikulu chonchi. Ndinangotsegula tikiti yakale ija pa sikirini yaikulu, deti lake likuoneka, osanena kanthu. Panali zii. Za kompyuta ija ati tiona mwezi wamawa.