Kamera inali m'manja mwa ndani?

Tsopano mtima wakhala pansi, chifukwa chimene chinkandizunguza mutu pa mafilimu ofotokoza nkhondo zomenyera ufulu mu Africa ndachigwira. Chimene chinandiunikira ndi lamulo la mu 1934 la Pierre Laval, nduna ya ku France yoona za maiko olamulidwa ndi dzikolo, limene linkaletsa kujambula filimu m'maiko olamulidwa ndi France popanda chilolezo cha atsamunda. N'chifukwa chake Paulin Vieyra ndi Aafirika anzake anajambulira filimu yawo ya Afrique sur Seine ku Paris mu 1955, ndipo René Vautier, ngakhale anali Mfalansa, anamangidwa chifukwa cha Afrique 50, filimu yake yodzudzula atsamunda imene inaletsedwa kwa zaka zoposa 40.

Apa ndiye pagona nkhani: kugwira kamera kumene kunali mbali ya nkhondoyo. Amílcar Cabral, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu ku Guinea-Bissau, anazindikira zimenezi pamene mu 1967, nkhondo ili mkati, anatumiza achinyamata anayi ku Cuba kukaphunzira kujambula, mmodzi mwa iwo ndi Flora Gomes, amene pambuyo pake anatchuka pa ntchito yokonza mafilimu. Munthu amene akusowa asilikali ndi mankhwala sangatumize ana ake kukaphunzira chinthu chimene amachiona ngati chosangalatsa chabe. Nawonso a Frelimo, Mozambique italandira ufulu mu 1975, anayambitsa Kuxa Kanema, nkhani za pakanema zimene ankazitengera kumidzi kuti anthu azidziona okha, m'malo mongoonedwa ndi alendo.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe ina yoiposa, ndi kuonera filimu nditatseka mawu, kenako n'kumvetsera mawu okha osayang'ana. Mukatero mumadziwa msanga amene akulankhula ndi amene akungolankhulidwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu amatifunsa zaka ndi maina basi, filimu timaionera kamodzi, nthawi n'kutha tisanakambirane.

Komabe filimu ya Concerning Violence ya mu 2014 ikundivutabe. Mawu ndi a Frantz Fanon, wolemba mabuku odzudzula utsamunda, ndipo amawerengedwa ndi woimba Lauryn Hill, koma zithunzi anajambula ndi atolankhani a ku Sweden, ndipo woikonza, Göran Olsson, ndi wa komweko. Zithunzizo n'zamtengo wapatali, pakuti popanda alendowo zambiri mwa izo sitikanaziona. Nanga umodzi wa Aafirika umalola mnzathu wakunja kugwira kamera, kapena filimu yotero idakali m'manja mwa ena? Pamenepa maganizo anga sanakhazikike, ndipo njira yanga ija siyikundithandiza.