Kubwerera pamalo omwewo: pamene ndafika ndi kachipangizo ka GPS pa Phiri la Mulanje

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti ntchito ya zithunzi za pa Mulanje ija ili pati, ndiponso kuti ndimadziwa bwanji pamene ndinaima pojambula chithunzi chilichonse. Ntchito ikuyenda, ngakhale pang'onopang'ono.

Kwa amene simunamve, nkhani yake ndi iyi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndakhala ndikujambula zipsera zimene zigumukire zinasiya m'mbali mwa phirili. Ndikufuna kuti mvula ikatha chaka chilichonse ndizikaima pamalo omwewo n'kujambulanso mbali yomweyo, kuti tione ngati udzu ndi mitengo zikumeranso kapena nthaka ikungokokolokabe. Akuluakulu a ku Phalombe amasimbabe za napolo wa 1991, ndipo ukawamvetsera mtima umawawa. Za nthawi inoyi ndikufuna tidzakhale ndi zithunzi zotsatana bwino, zoti mwana wasukulu adzazione ndi maso ake.

Kamera yanga ilibe GPS. Foni ili nayo, ndipo GPS ya foni imagwira ntchito ngakhale kopanda netiweki, koma ukaisiya kuti izilemba njira tsiku lonse batire limatha dzuwa lisanapendeke, pamene m'manyumba ogona a paphiri magetsi sungawadalire. Foniyo ndiyenera kuisunga kuti ndiimbire pakagwa zadzidzidzi. N'chifukwa chake ndinagula kachipangizo kogwiritsidwa kale ntchito, kokwana m'chikhatho, koyendera batire limodzi la AA. Ntchito yake ndi imodzi basi: kulemba nthawi ndi malo, nthawi ndi malo, mpaka nditakazimitsa. Ndimakamangirira pamwamba pa lamba wa chikwama, paphewa, poti kazionana ndi thambo. M'thumba la buluku ayi, chifukwa thupi la munthu limatchinga mauthenga a masetilaiti.

Ndinakatchera kuti kazilemba pa masekondi 5 alionse. Pa ola limodzi amenewo ndi madontho 720 (dontho lililonse ndi malo amodzi ndi nthawi yake), okwanira munthu woyenda pansi. Kulemba sekondi iliyonse kumapereka madontho 3,600 pa ola, ndipo ambiri mwa iwo amangounjikana pamene unakhala pansi kumwa madzi.

M'mawa pa Likhubula, tisanayambe kukwera, pali mwambo umene sindiulumpha. Ndimayatsa kachipangizoka n'kukaika pamwala poyera, kwinaku tikumanga katundu. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo uthenga wawo umafika mwapang'onopang'ono kwambiri, mabiti (tizidutswa tochepetsetsa ta uthenga) 50 okha pa sekondi. Kachipangizo kamene kakhala nthawi yaitali kali kozima kamafuna mphindi zingapo kuti kadziwe kumene masetilaitiwo ali, ndipo kayenera kugwira osachepera 4 kuti kapeze malo pamodzi ndi kutalika kwake. Ukanyamuka mopupuluma n'kulowa m'mitengo kasanagwire, chiyambi chonse cha ulendo chimasowa. Kakagwira, ndimatenga kamera n'kujambula kagalasi kake pamene pakuoneka nthawi, masekondi omwe. Chithunzi chimenechi ndi chosaoneka bwino, chala changa chili pambali, koma pa zithunzi zonse za tsikulo palibe chofunika kuposa icho.

Chifukwa chake n'chakuti kamera ndi kachipangizoka sizilumikizana m'njira ina iliyonse koma nthawi. Kamera imalemba m'chithunzi kuti chinajambulidwa nthawi yakuti. Kachipangizo kamalemba kuti nthawi yakutiyo ndinali pakuti. Pulogalamu imangolunzanitsa ziwirizi. Tsono wotchi ya kamera imathamanga kapena kutsalira pakapita miyezi, ndipo munthu woyenda makilomita 4 pa ola amadutsa mamita pafupifupi 67 pa mphindi imodzi. Wotchi ikaphonya ndi mphindi ziwiri, chithunzi cha pamlatho chimakaikidwa kuseri kwa chitunda. Chithunzi cha kagalasi chija chimandiuza ndendende kusiyana kwa mawotchi awiriwa. Palinso nkhani ya maola: GPS imalemba nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayenderapo, pamene ife kuno tili patsogolo ndi maola 2. Ukapanda kuuza pulogalamu zimenezi, chithunzi cha 10 koloko m'mawa chimagwera pamene unali 12 koloko masana.

Kunyumba ndimakopera ulendo wonse mu fayilo ya GPX, yosungira madontho a GPS, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya GPSBabel, kenako ExifTool, pulogalamu yaulere ya Phil Harvey, imalemba malowo m'kati mwa zithunzi. Lamulo la -geotag limailozera fayilo ya ulendo, la -geosync limakonza kusiyana kwa mawotchi, ndipo pa -geotime ndimawonjezera +02:00. Chithunzi chikagwera pakati pa madontho awiri, ExifTool imawerengera yokha malo apakatipo. Imasiyanso zithunzi zoyambirira osazikhudza, zimene zimandipatsa mtendere mumtima. Amene simukonda kulemba malamulo pakompyuta, mapulogalamu a zithunzi a digiKam ndi darktable amachita zomwezi pongodina.

Chimodzi chimene chingakusokonezeni mukagula kachipangizo kakale ngati kangaka: ulendo wa mu Juni 2024 kanaulemba kuti unachitika chakumapeto kwa 2004. Sikuti kanawonongeka. GPS imawerenga masabata kufika 1,024 kenako imayambiranso pa ziro, ndipo zimenezi zinachitika mu Ogasiti 1999 komanso pa 6 Epulo 2019. Tizipangizo tina takale timabwerera m'mbuyo ndi masabata 1,024 athunthu. Malo ndi maola zimakhala zolondola, tsiku lokha ndi limene limaphonya. Mu GPSBabel ndimasuntha ulendo wonse kupita kutsogolo ndi masiku 7,168, nkhani n'kutha.

Tsopano ku funso lenileni: kodi kachipangizoka kamandibwezeradi pamalo omwewo?

Pamwamba, m'madambo a Chambe ndi Lichenya kumene thambo lili poyera, inde. Kamandifikitsa pafupi ndithu, mamita ochepa chabe, mwakuti mwala umene ndinaimapo chaka chatha ndimauona ndisanaufike. Koma zigumukire zambiri sizili kumeneko. Zili m'makwawa ndi m'munsi mwa matanthwe, ndipo kumeneko zinthu zimasintha. M'njira ya Chapaluka, pamene imatsata mtsinje m'mitengo yowirira kupitirira Dziwe la Nkhalamba, mzere wa ulendo pamapu umangoti uku ndi uku ngati nkhuku yofunafuna chakudya, pena n'kundiwolotsa mtsinje umene sindinawoloke. Thanthwe limatchinga theka la thambo, ndipo mauthenga ena amayamba agunda mwala asanafike kwa ine, motero amaoneka ngati ayenda mtunda wautali. Njira ya Skyline, imene mbali yaikulu ili poyera, imatuluka yosalala bwino. Kutalika ndiye kumavuta kwambiri. GPS imaphonya kwambiri poyeza kukwera kusiyana ndi poyeza malo, ndipo ukaphatikiza timakwerero tonse tabodza timene imalemba, ungaganize kuti wakwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, pamene unangofika pa Chambe. Ndinasiya kukhulupirira chiwerengero chimenecho.

Chifunga sichisokoneza GPS, ndipo ichi ndimachiyamikira kwambiri. Chiperoni chikatsika, munthu osaona ngakhale mnzako amene ali patsogolo, kachipangizo kamalembabe ngati palibe chachitika. Chimene chimakavuta ndi kuzizira. Usiku wa mu Juni ndi Julayi pamwamba paja kumazizira koopsa, ndipo batire lozizidwa limafooka msanga, choncho mabatire apadera ndimagona nawo m'thumba la jekete.

Pali china chimene GPS singandiuze n'komwe: kumene kamera inaloza. Kuima pamalo oyenera koma n'kuloza pambali pang'ono, zithunzi ziwirizo sizifananitsika. Ndiye ndinayamba kuyenda ndi kampasi ndi kabuku. Pamalo aliwonse ndimalemba nambala ya chithunzi, madigiri a kampasi, ndi kukula kwa lenzi. Ndimasindikizanso chithunzi cha chaka chatha papepala. Ndikafika pafupi, ndimagwira pepalalo kudzanja lamanzere n'kumasuntha phazi limodzilimodzi mpaka nsonga ya thanthwe lakutsogolo itakhudza mzere wa phiri lakumbuyo monga zilili papepalapo. Mamita omalizawo ndi a maso.

Ndipo ndi a achimwene amene amandiperekeza. Iwowa anakulira m'munsi mwa phirili, ndipo ndikawaonetsa pepala amangoyang'ana kamodzi n'kutsogola, nthawi zambiri kachipangizo kasanakhazikike. Anandionetsa pamene njira yakale inkadutsa isanakokoloke, ndi pamene madzi amapezeka ngakhale mu Okutobala. Anandiuzanso maina a timitsinje timene pamapu tilibe maina. Maina amenewa ndimawalemba m'kabuku pamodzi ndi nthawi, ndipo kunyumba nthawiyo imandilozera dontho lake. Kunena zoona, mbali imeneyi yayamba kundikoka mtima kuposa zithunzi zenizenizo. Mzere wa GPS wopanda maina suuza munthu zambiri, koma ukaikapo dzina limene anthu a pamalopo amatchula, mapu amayamba kulankhula chinenero chathu. Njira zimene ndatsimikiza kuti zasintha ndayamba kuzikonza pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angawakonze, kudzera mu pulogalamu ya JOSM, koma zokhazo zimene ndadutsamo kangapo ndipo mizere yake ikugwirizana. Mzere umodzi wa m'khwawa suyenera kuikidwa pamapu amene mlendo adzawadalire.

Amene muli ndi mapu akale a boma apepala, chenjerani mukamafananitsa manambala. Mapu amenewo anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita oposa 100. Komanso musaiwale kuti tili kumwera kwa equator: pa manambala awiri osonyeza malo, yoyamba iyenera kukhala ndi chizindikiro chochotsera kapena chilembo S. Chikasowa, Mulanje amakapezeka ku Sudan.

Nkhani yomwe ndaiganizira kwambiri ndi ya mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, ndipo macheka anautha pafupifupi wonse. M'maulendo angawa ndakumana ndi timitengo tating'ono timene anthu akubzala ndi kusamalira, ndipo ndatijambula chifukwa timandisangalatsa. Koma chithunzi chokhala ndi malo m'kati mwake chimalozera aliyense njira, wabwino ndi woipa yemwe. Choncho zithunzi zonse za mkungudza ndimazichotsa malo ndisanazitumize kwa munthu, ndi lamulo la -gps:all= mu ExifTool. WhatsApp imachotsa yokha zimenezi ukatumiza ngati chithunzi wamba, koma ukatumiza ngati document zonse zimapita momwemo. Zomwezinso ndi zithunzi za pakhomo panu. Ine kachipangizo ndimakayatsira pa Likhubula ndi kukazimitsira pomwepo, kuti fayilo ya ulendo isasonyeze kumene ndimagona.

Pakadali pano mbali ya Likhubula ndi Chambe ili ndi malo ojambulira okhazikika, ndipo pa ena kusintha kwayamba kuoneka: m'mphepete mwa zipsera udzu wagwira, koma pakati, pamene panatsala thanthwe lokhalokha, palibe chamera. Mvula ikatha ndikufuna kulowera ku Fort Lister n'kukwera cha ku Sombani, kuti mbali ya Phalombe nayo iyambike. Ngati alipo amene ali ndi zithunzi za mbali imeneyo zojambulidwa chisanafike chaka cha 2023, ngakhale za pafoni, ndipo akukumbukira pamene anaima, chonde andidziwitse. Zimenezo ndi zimene ndikuzisowa kwambiri, chifukwa zanga zonse zinayamba phiri litagumuka kale.