Mphindi 10 Zoimirira

Lolemba m'mawa kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unesi muno mu Harare kunabwera mtsikana wa zaka 24 wochokera kudera la Mufakose, ataperekezedwa ndi agogo ake. Agogowo anayamba m'Chishona, koma atamva kuti ndawalonjera m'Chichewa anakhala pansi bwinobwino n'kumasuka ngati akumana ndi mwana wa kwawo ku Dedza. Anati mdzukulu wawoyo wagwa kawiri pamzere wa pamjigo. Akaima nthawi yaitali amachita chizungulire, m'maso mumada, mtima umagunda ngati wathamangitsidwa ndi galu.

Kabuku kake ka kuchipatala kanali katatsala pang'ono kudzadza. Pa zaka zinayi anamuyeza mimba kangapo, malungo kangapo, ndipo masamba awiri omaliza anali ndi mawu amodzi omwewo, akuti nkhawa. Kuno amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Ndivomere, nanenso dzanja langa linathamangira kaye pa choyezera mimba. Si kulakwa ayi, mimba ndi kuchepa kwa magazi timayenera kuziyeza poyamba. Kulakwa n'kulekera pomwepo. Mimba panalibe, magazi anali okwanira, BP ali chikhalire inali yabwino. Ndinatsala pang'ono kulemba zomwe analemba anzangawo.

Anandiimitsa ndi agogo. "Anesi, mwanayu akagona amakhala bwinobwino. Chimamuvuta ndi kuimirira."

Ndinamugoneka pabedi mphindi 10, mtima ukugunda ka 74 pa mphindi. Kenako ndinamuimika pambali pa bedi lomwelo, ine wotchi kumanja. Patatha mphindi ziwiri unafika 108. Pa mphindi zisanu, 119. Pomafika mphindi 10 unali pa 124, thukuta lili kamukamu pamphumi, mapazi atazizira ndiponso atada kuposa poyamba, iye akupempha kuti akhale pansi. BP sinatsike.

Munthu akaimirira, magazi ena amatsikira m'mimba ndi m'miyendo, ndipo mitsempha imayenera kufinyika yokha kuti abwerere kumtima. Izi zikapanda kuyenda bwino, mtima umathamanga pofuna kubweza. Matendawa amatchedwa POTS, dzina limene linakhazikika mu 1993 kudzera mwa madokotala a ku Mayo Clinic ku America. Muyeso wake ndi wakuti mtima ukwere ndi 30 kapena kuposa pa mphindi 10 zoyamba munthu ataimirira, kapena 40 kwa a zaka 12 mpaka 19, BP osatsika, zizindikiro zitakhalapo miyezi itatu kapena kupitirira. Zipatala zazikulu zili ndi bedi lopendekeka loyezera zimenezi. Ife tili ndi wotchi.

Lachiwiri adokotala anaona manambala anga, nalamula ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, ndi kuyeza chithokomiro, poti nacho chimathamangitsa mtima. Kenako anakhala chete pang'ono n'kundiuza kuti ndiimbire foni mlonda wina amene anabwera mwezi watha. Lachitatu linali la a shuga ndi a BP, magetsi anazima masana onse, palibe chonena.

Mlondayo anafika Lachinayi, bambo wa zaka 27 amene amaima pageti kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kabuku kake ndinakawerenga mosachedwa, poti kanali ndi masamba awiri okha. Tsiku loyamba lomwe anadandaula za mtima anamutumiza ku ECG. Palibe anamufunsa ngati ali ndi nkhawa kapena ngati kunyumba kuli mtendere. Koma ECG amajambula munthu atagona, ndiye inatuluka yabwino, iye n'kubwerera pageti, anzake akumuseka kuti ndi matsire. Za chizungulire sananene, mpaka nditamufunsa kachitatu. "Sister, mwamuna angamanene kuti amafuna kukomoka?" Titamuimika, mtima unachoka pa 70 kufika 106.

Usiku umenewo timabuku tiwiri tija sitinandichoke m'mutu. Odwala POTS ambiri ndi akazi, pafupifupi anayi mwa asanu alionse, makamaka a zaka zapakati pa 15 ndi 50. Munthu angaganize kuti poti ndiwo ambiri, ndiwo amapezeka msanga. Zofufuza za kunja zimasonyeza kuti akazi ndiwo amadikira nthawi yaitali. Mkazi amabwera ndi madandaulo ambiri, mutu, nseru, m'mimba, kutopa, kuiwalaiwala, ndipo ambiri amati zimakula masiku akumwezi akayandikira. Mndandanda ukatalika, ife ovala zoyera timayamba kumva maganizo m'malo momva thupi. Mwamuna timamukhulupirira msanga, koma timamufunira matenda a mtima enieni, tikawasowa timamubweza, poti m'mitu mwathu POTS ndi ya atsikana. Chonsecho mu 1871 dokotala Jacob Da Costa analemba za mtima wothamanga chonchi mwa asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America, amuna okhaokha.

Lachisanu mtsikana uja anabweranso ndi agogo ake, zotsatira zonse zili bwino. Adokotala anamuuza dzina la matenda ake, ndipo analira, osati ndi mantha. Anati ankayamba kukhulupirira kuti mutu wake suli bwino.

Mkangano unabuka pa mchere. Ndinamuuza kuti azimwa madzi malita awiri mpaka atatu patsiku, aonjezere mchere m'zakudya monga adokotala alembera, azidzuka pang'onopang'ono m'mawa, ndipo azichita masewera olimbitsa miyendo atagona kapena atakhala. Agogo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Inu nomwe munandiletsa mchere chifukwa cha BP, lero mukuti mwana azidya mchere? Mphika ndi umodzi, anesi!" Tinagwirizana kuti ndiwo ziziphikidwa monga mwa masiku onse, iye azithira wake m'mbale mwake.

Masokosi othina othandiza magazi kubwerera kumtima ndinangowatchula. Ndi odula, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala muno mu Harare sindikudziwa angawapirire ndani. Za pamjigo ndinati azipita kusanatenthe, atembenuze chidebe akhalepo podikira, ndipo akamva kuti m'maso mwayamba kuda apingase miyendo n'kuifinya. Agogo anati anthu pamzere adzamunena kuti ndi waulesi. Kenako anadziyankha okha kuti adzapita naye mawa, akaone amene ati atsegule pakamwa.