Thumba nambala 7

Mnzanga atandiuza kuti pali gulu la ofufuza likufuna mavolontiya othandiza kugwira mileme cha ku Liwonde ndinavomera msanga, ndimaganiza kuti mwina pali ka alawansi. Kanalibe. Chomwe ndinapezako ndi jakisoni wa katemera wa chiwewe ndi tochi yovala pamphumi.

Unali mwezi wa Novembala, milambe ili mkati mochita maluwa. Ine ndakula ndikudya malambe koma duwa lake ndinali ndisanalionepo likutseguka. Limatseguka dzuwa likalowa, loyera, lolendewera chozondoka, fungo lake ngati chinthu chayamba kuola, ndipo pofika mawa lake lafota kale. Nkhani yawo inali yofuna kudziwa kuti amene amabwera usiku kudzamwa timadzi ta duwalo n'kunyamula mungu kupita nawo pamtengo wina ndi ndani kwenikweni, mileme kapena agulugufe akuluakulu ausiku aja.

Ndiye timatchera ukonde wopyapyala ngati tsitsi, mleme ukakodwa Madamu otsogolera amaumasula atavala magolovesi, kuupukuta ubweya ndi kathonje kuti atenge munguwo, kenako kuuika mukathumba kansalu kuti aupime pasikelo asanauulutse. Mileme yodya zipatso ija nkhope yake ngati kagalu, maso phwii, kukongola ndithu bola isakulume. Ntchito yanga inali kupachika timatumbato pachingwe ndi kulemba manambala, basi.

Koma poti nyerere zimavuta ndinatenga kathumba kamodzi kopanda kanthu n'kuikamo mandasi anga atatu, ndikupachika pomwepo ndi tinzake, nzeru zimenezo.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha tulo tili m'maso, ndinatsazika kuti ndikapeze minibasi yoyamba ya ku Zomba, ndinangotsomphola kathumba kanga ndikuponya mujekete. Tangodutsa pa mlatho wa Shire njala inandipota. Ndinamasula chingwe, kupisa dzanja, mandasi ake ofunda komanso aubweya. Ndisanaganize n'komwe chinthu chija chinatuluka phaa! kukamenya duku la mayi ena kutsogolo, kubwerera, kukakakamira kudenga chozondoka n'kumatiyang'ana tonse.

"Mwazi wa Yesu!" mayiwo anakuwa. Draiva anaponda buleki, kondakitala anatsegula chitseko n'kuyamba yekha kutsika, ndalama zili m'manja. Mleme unatuluka n'kulowera kumitengo ya mango. Abambo ena achikulire anandiyang'ana kuyambira kumapazi, tochi ikadali pamphumi, matope mpaka m'mawondo, nkuti "Achimwene, ndege yanu yathera mafuta kuti?"

Ndinayesa kufotokoza za mungu wa mlambe koma mukudziwa, munthu ukamalongosola kuti umagona kutchire pofuna kuthandiza mileme ndiye umangowonjezera mlandu. Ananditsitsa, chenji changa osandibwezera.

Ndili chiimire pamsewu foni inalira, Madamu. Akuti anakweza thumba nambala 7 m'mwamba bwinobwino kuti mleme uuluke, mwagwa mandasi atatu, ndiye amafunsa ngati ndikudziwapo kanthu.