Masiku atatu ku Rishikesh, kuphunzira kupuma

Ku India sindinapitire kukaona malo. Ndinaperekeza achimwene kuchipatala ku Delhi, ndipo opaleshoni itatha madokotala anati tidikire sabata ziwiri tisanakwere ndege. Alamu ndiwo anandipirikitsa. "Inu alamu, nkhope yachita kugwa. Tapitani kwinakwake mukapumeko, odwalawa ndikhala nawo ine."

Ndinakwera sitima ya m'mawa mpaka ku Haridwar, maola ngati asanu, kenako galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Rishikesh, m'chigawo cha Uttarakhand, pamene mtsinje wa Ganga umatuluka m'mapiri a Himalaya. Madzi ake ndi obiriwira, ozizira ngati a m'firiji. Nyama ndi mowa n'zoletsedwa m'tauniyi, choncho okonda kanyenya apite atakhutiratu. Pa mlatho wolendewera wa Ram Jhula tinkapanikizana anthu, njinga zamoto ndi ng'ombe, apusi ali pazingwe kusuzumira zomwe wanyamula. Nthochi zanga zinathera pomwepo.

Kalasi ya yoga ndinalowa chifukwa inali padenga pa nyumba yomwe ndinkagona. Inkayamba 6 koloko, kamphepo ka m'mapiri kakulowa m'mafupa. Mphunzitsi wake, bambo woonda wa imvi, anatiyambitsa ndi Surya Namaskar, kulonjera dzuwa, mayendedwe 12 olumikizana. Pokweza manja ukoke mpweya, powerama uutulutse. Chifuwa chikamatseguka mpweya ulowe, thupi likamapindika utuluke, zonsezo kudzera m'mphuno.

Zomveka zophweka, eti? Ine ndinkathamangira kufanana ndi anzanga. Manja afika pansi, mpweya ndaugwira pakhosi, mano ndaluma. Pofika ulendo wachitatu ndinali wefuwefu. Bambo uja anadzaima pambali panga osandikhudza, n'kuyamba kupuma mokweza kuti ndimve. Anali atapanikiza pang'ono kukhosi, mpweya ukumveka ngati mafunde a ku Senga Bay usiku kuli bata. Kapumidwe kameneka amakatcha ujjayi. Anandiuza kuti ndisanyamule dzanja mpweya usanayambe kulowa, ndipo ukatha, dzanjalo liime pomwe lafikapo, ngakhale pakati panjira. Ndinatsalira kumbuyo kwa gulu lonse, koma phuma lija linatha.

Pomwa tiyi wa zonunkhira m'timakapu tadothi ndi pamene anatimasulira. Mawu akuti yoga amachokera ku liwu la Chisansikiriti, chinenero chakale cha ku India, lakuti yuj, kumanga pagoli. Aliyense amene anaonapo ngolo akudziwa zomwe zimachitika ng'ombe imodzi ikamakoka inzake ikuzengereza. Kuno ng'ombezo ndi thupi ndi maganizo, ndipo goli lake ndi mpweya. Mpweyawo amautcha prana, liwu lomwe limatanthauzanso moyo umene uli m'chamoyo chilichonse. Mwa nthambi zisanu ndi zitatu za yoga zimene Patanjali, mphunzitsi wa ku India, anandandalika kalekale, kulamulira mpweya, pranayama, ndi yachinayi, imabwera pambuyo pa kakhalidwe ka thupi ndipo imatsegula njira ya kusinkhasinkha. Zopindapinda timaziona pa Instagram zija ndi nthambi imodzi chabe.

Sindinama kuti awa ndi masewera olimbitsa thupi basi. Kwa Ahindu ambiri ndi chipembedzo, ndipo Surya ndi mulungu wa dzuwa. Ine wokulira m'kwaya ya mpingo, nyimbo zawo zoyambira kalasi ndinkangomvetsera, osayimba nawo, ndipo palibe anandiyang'ana ndi diso loipa. Koma nkhani ya mpweya sinali yachilendo m'makutu mwanga. Ku Sande sukulu tinaphunzira kuti munthu anali dothi mpaka atauziridwa mpweya m'mphuno. Ndiye Chichewa chathuchi: liwu limodzi lomweli, kupuma, ndi la mpweya komanso la munthu wotopa amene watula katundu. Alamu ponena kuti ndikapumeko, kaya ankanena kupuma kuti.

Madzulo omaliza ndinakhala pa masitepe a Parmarth Niketan, malo a mapemphero a m'mbali mwa mtsinje, kuonerera Ganga aarti, mwambo wa Ahindu wolemekeza mtsinjewo, nyali zamoto zikuzunguzidwa m'mwamba, timbale tamasamba ta maluwa tikuyandama kutsika ndi madzi.

Nditabwerera ku Delhi ndinapeza achimwene ali m'tulo, alamu akuwodzera pampando. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi kuyang'ana bulangete likukwera n'kutsika pachifuwa pawo. Ankapuma mofupikitsa chifukwa cha bala. Ndinayesa kupuma nawo limodzi, koma anali kundisiya m'mbuyo.