Sabata yofufuza abale ku Dzaleka

Ntchito yanga ku kampu ya Dzaleka, ku Dowa, ndi yothandiza othawa nkhondo kupeza abale amene anasiyana nawo pothawa. Timalemba dzina, mudzi, malo amene anaonerana komaliza, kenako uthenga umadzera ku Red Cross ya dziko lakwawo. Ena timangowapatsa foni aimbe kwa mphindi zochepa. Sabata ino ambiri anali a kum'mawa kwa Congo. Kuyambira pamene gulu loukira boma la M23 linalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025 ndi Bukavu mwezi wotsatira, manambala ambiri amene anthu ankadalira sakupezekanso.

Lolemba kunabwera mayi wina ndi ana anayi. Womasulira Chiswahili atafunsa zaka za ana, zinaoneka kuti awiri akulingana msinkhu koma si mapasa. Mayiyo anayamba wakhala chete, kenako anaulula kuti kamnyamatako anakatola pamsewu usiku wothawa mfuti, kakulira pambali pa mtolo wa zovala. Wakabereka kumbuyo ulendo wonse, ndipo lero kamamutcha mama. Nditafotokoza kuti tiyenera kulemba mwanayo kuti tifufuze makolo ake, anamukokera pamiyendo pake n'kundifunsa kuti, "Mukawapeza, mudzandilanda?" Ndinamuyankha kuti, "Mayi, sitichotsa mwana mwachisawawa, a zoteteza ana amayamba aona chimene chingamukomere mwanayo." Komabe fomu ndinalemba, chifukwa kwinakwake kungakhale mayi winanso amene sagona tulo. Nkhani zotere zimandipweteka mtima kuposa zina zonse, popeza onse awiri ali ndi chifukwa cholirira.

Pakati pa sabata panali ntchito ya masiku onse, mizere ya foni ndi mapepala. Kampuyi inatsegulidwa mu 1994 pamalo amene anali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Malamulo salola othawa kwawo kukhala kunja kwa kampu, ndipo mu 2023 amene ankachita malonda m'matauni anabwezedwa kuno. Bambo amene kwawo ankalima yekha chinangwa ndi nyemba amangokhala pakhonde kudikira thandizo, ndiye mikangano ya m'banja imafika mpaka patebulo langa.

Lachisanu kunafika yankho la mayi wa ku Burundi amene wakhala akufunafuna mwamuna wake kwa zaka zambiri. Uthenga unali wochokera kwa mlamu wake, wonena kuti bamboyo anamwalira kalekale. Ndinaitana abusa a mpingo wake tisanamuwerengere. Analira kwambiri, kenako anatiuza kuti nthawi yonseyi ankasowa chowayankha ana akafunsa za bambo awo, komanso samadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Anapempha abusa akonze mapemphero a maliro Lamlungu, ndipo asanatuluke tinalemba uthenga wina wofunsa mlamuyo mudzi umene mwamuna wake anaikidwa.